Kasinthasintha wa Mapemphero ku Tavomera

Ku ufumu wa Tavomera munthu safunsidwa maganizo ake, chifukwa amadziwika kale: amavomera. Mfumu Palibewina Wachinayi ikanena kuti kunja kukutentha, anthu amavula majuzi ngakhale mano akulumana ndi chisanu. Ikatsokomola pa wailesi, nduna zake zimayamba zawomba m'manja, kenako n'kumafunsana pambali kuti kodi yati chiyani. Ndi dziko la mtendere zedi, ndipo amene ankatsutsa zimenezi sitikudziwa kumene anasamukira.

Pachitunda choyang'anana ndi nyumba yachifumu pali Yunivesite ya Mutuwakula. Kumeneko ndi kumene kunkaphunzitsa Dokotala Enelesi Kamtedza, mayi wamfupi, wamagalasi, woyenda ngati wachedwa nthawi zonse. Udokotala wake sunali wa jakisoni ayi. Mayi ake omubereka, Anasibeko, anatopa n'kubweza anzawo a kumpingo amene ankafika pakhomo atagwira misana kuti mwanayo awaone. "Ameneyu sachiza," ankatero Anasibeko. "Ndi dokotala wa zoyankhula."

Zoyankhulazo zinali za ufulu wachipembedzo, malamulo ndi ufulu wachibadwidwe wa munthu. Enelesi anathera utsikana wake wonse pa nkhani imeneyi. Anakaiphunzira kutsidya kwa nyanja, anazungulira nayo m'misonkhano ya m'mahotela, anailembera mabuku onenepa moti limodzi linkatchinjiriza chitseko cha laibulale kuti mphepo isamachimenyetse. Koma upulofesa, umene mtima wake unkaulira usana ndi usiku, unkangomulambalala. Ana amene iye anawaphunzitsa anali atavala kale zipewa zofewa za apulofesa. Wina anakwezedwa atafufuza za ubwino wa kayendedwe ka mfumu. Enelesi akapita ku komiti yokweza anthu pantchito, yankho linali lomwelomwelo.

"Kafukufuku wanu ndi wozama, a Dokotala, sitikukana. Koma sanakhudze munthu wamba. Ife tikufuna kafukufuku woti mayi wa kumsika amumve m'thupi."

Mawu amenewo muwasunge, chifukwa komitiyo inadzalandira zimene inkafunazo, zodzaza mpaka kutayikira.

Kunena zoona, ku Tavomera kunalibe chofufuza kwenikweni pa nkhani ya Enelesi. Boma linkalowerera pa chilichonse, koma za Mulungu linali litaziiwala, ndipo chinthu chimene boma laiwala chimayenda bwino. A Lachisanu ankapita ku mzikiti, a Loweruka ndi a Lamlungu ku matchalitchi awo, a kukachisi ankathira nsembe pansi pa mitengo yawo. Pamaliro onsewa ankakumana n'kumawotha moto umodzi.

Tsoka linabwera pa tsiku lopereka madigiri. Amene anayenera kuyankhula pamwambowo anatsegula m'mimba, ndiye akuluakulu anangogwira Enelesi pakhonde kuti atseke mpatawo. Mfumu, monga mwini yunivesite, inali pampando wake mu mkanjo wofiira, itabisala kuseri kwa magalasi akuda, ili m'tulo tofa nato. Enelesi anayankhula, anayankhula, anthu akuyasamula. Ndiye ntchentche ina yopanda mwambo inakatera pa mphuno yachifumu. Mfumu inadzidzimuka, ndipo mawu oyamba kugwera m'khutu mwake anali awa: "Ufulu wachipembedzo umaoneka pamene munthu angathe kusiya chipembedzo chake n'kulowa china popanda womuletsa."

Mfumu inakweza chala.

"Mayi, mwa anthu angawa, ndi angati amene asintha chipembedzo chaka chino?"

"Ndi ochepa kwambiri, mwini dziko," anayankha Enelesi akupinda bondo. "Ambiri amakhutira ndi kumene ali."

"Ochepa?" Mfumu inavula magalasi, chinthu chimene inkachita pokhapokha zikavuta. "Ndiye kuti ine ndinawapatsa ufulu, iwo n'kungouponya pansi pa bedi? Mafumu anzanga akamva adzati chiyani? Adzati ku Tavomera ufulu ukuchita dzimbiri!"

Nduna zinawomba m'manja. Enelesi anachita mantha, koma tisamubisire, anamvanso kukoma. Chiyambire ntchito yake, aka kanali koyamba kuti munthu amve zimene iye wanena.

M'mawa mwake anaitanidwa ku bwalo la nduna. Nduna ya Zachipembedzo kunalibe, inali kunja ku msonkhano wokambirana za kuchepetsa misonkhano. Choncho nkhani inagwera m'manja mwa Nduna ya Zaulimi, a Chimphonda, amene anali mlamu wa mfumu, ndipo pachifukwa chimenecho ankadziwa chilichonse.

"Mwini dziko, kankhani aka ndi kakang'ono," anatero a Chimphonda akukokera lamba pansi pa mimba. "Kuunduna kwathu timawauza alimi tsiku ndi tsiku. Ukamabzala chimanga pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, nthaka imaguga, kaufiti amamera. Mtima wa munthu ndi munda. Anthu athuwa akhala akubzala chipembedzo chimodzi kuyambira makolo awo, n'chifukwa chake miseche yachuluka m'dziko muno. Mankhwala ake ndi amodzi basi: kasinthasintha."

Anapitiriza kufotokoza, malovu akuthovoka. Ufumu uli ndi zigawo zinayi. Chaka chino a kumpoto onse akhale a Lachisanu, a kum'mawa a Loweruka, a kumadzulo a Lamlungu. Mvula yoyamba ikagwa chaka chamawa, onse asunthe, aliyense alowe pamene panali mnzake.

"Nanga a kumwera?" inafunsa mfumu.

"Amenewo tiwagoneka, mwini dziko. Munda umafunika kupuma. Chaka chino kumwera kukhale tsala. Kulibe kupemphera, kulibe kuimba, kulibe ngakhale kuusa moyo choyang'ana kumwamba. Chaka chamawa adzayambira Lachisanu, mitima ili ndi chonde."

"A kukachisi aja bwanji?"

"Amenewo ndi nandolo. Tiwaika m'mphepete."

Apa Enelesi anaimirira. "Pepani mwini dziko, mwina dzulo sindinafotokoze bwino. Ine ndimati munthu akhale wotha kusintha ngati mwini wakeyo akufuna."

"Ndamva, mayi," inatero mfumu mokoma mtima. "Ndiye ife tiwathandiza kufuna."

Pomwepo inalamula kuti lamulo latsopanolo litchedwe Lamulo la Kamtedza, polemekeza mwini nzeruzo. Enelesi anayesa kukana ulemuwo, koma nduna zinawomba m'manja mpaka mawu ake anamira. Alangizi a zaulimi anagawiridwa njinga zatsopano, pamodzi ndi mphamvu zomanga aliyense wopezeka akukana ufulu.

Galimoto ya chimkuzamawu inafika pa msika wa Nong'ona, kuchigawo cha kumwera, dzuwa lili pamutu. Inalengeza, inabwereza, inachoka n'kusiya fumbi pa tomato. Anthu anayamba aonetsetsa kaye kuti yakhotadi, kenako pakamwa panatseguka.

Anasibeko ankagulitsa zigumu pamsikapo, moyandikana ndi mnzawo wa ponda apa m'pondepo, Abiti Twaibu, wa usipa. Awiriwa anakalambira pa benchi imodzi. Wina akapita ku mzikiti, mnzake ankamuonera malonda, wina akapita ku mapemphero a amayi a Lachinayi, chimodzimodzi.

"Mwamva, Anasibeko?" anatero Abiti Twaibu. "Akuti kuno kwathu Mulungu apite kutchuthi."

"Ndamva. Koma akamuuze ndani?"

A Bizaliyele, ogulitsa nyama ya nkhumba, anakhala pa chitsa chawo chodulira n'kugwira tsaya. "Ine chaka chamawa ndine wa Lachisanu, chinacho wa Loweruka. Abale inu, nkhumba zanga zidzafa ndi ukalamba."

Wokondwa anali mmodzi yekha, a Jolofani, amene anthu sankakumbukira tsiku limene anawaona osaledzera. "Ine tsala ndinayamba kalekale," anatero akudzandira. "Boma langondipeza panjira. Kapena andipatsako njinga ngati mlimi wachitsanzo."

Anthu anaseka, koma mayi wina wa masamba anadula kusekako. "Kodi simunamve dzina la lamulolo? Akuti Kamtedza. Si mwana wanu ameneyo, Anasibeko? Paja munkati sachiza. Koma kudwalitsa ndiye akutha!"

Anasibeko anavindikira zigumu zawo n'kuweruka dzuwa likadali.

Enelesi atafika kwawo madzulo a tsikulo, anawapeza akusita yunifolomu yawo ya amayi a Lachinayi, bulauzi yoyera ndi duku loyera. Sanadzutse mutu.

"Amayi, ndabwera kuti ndikufotokozereni."

"Wafotokoza kale, mwana wanga. Dziko lonse lamva."

"Sindinanene choncho ine. Anandimva molakwa. Ndikupemphani, pirirani chaka chimodzi chokha. Ndilemba pepala lowongola zonse, ndikalipereka ku msonkhano waukulu."

Anasibeko anaika simbi pansi, ndipo apa ndi pamene anamuyang'ana. "Enelesi, ine ndakalamba. Madokotala enieni aja anandiuza kuti mtima wangawu ukungoyenda mokankha. Yunifolomu iyi ndinayamba kuivala iwe uli kumsana. Anzanga onse amene anatsogola ndinawaimbira ine, kuchokera pakhomo mpaka kumanda. Ndiye ndikafa chaka cha tsala chino, anga okha maliro akhale a zii? Andikwirire chete ngati mbatata?"

"Amayi, musatero."

"Ukuti ndipirire chaka. Chaka chamawa ndine wa Lachisanu. Abiti Twaibu ndimawakonda ngati m'bale wanga, koma mapemphero awo ndi awo, anga ndi anga. Pamene Lamlungu lizidzazungulira kufika kuno kumwera, ine ndidzakhala ndili kuti? Ine sindikufuna zambiri. Ndikufuna kupemphera kumene ndinazolowera, ndipo tsiku langa likafika, anzanga andiimbire. Sukulu yako yonseyo ingandipatse zimenezo?"

Mawu amenewa anamupweteka kwambiri Enelesi.

Lachinayi litafika, Anasibeko anavala yunifolomu yawo, anamanga duku, n'kudutsa pakati penipeni pa msika akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza ngati ali ndi chimkuzamawu chawochawo. Mlangizi wa deralo, bambo wofatsa amene moyo wake wonse ankangophunzitsa anthu kupanga manyowa, anawathamangira akupepesa.

"Mayi, chonde, mundichotsetsa ntchito. Kuno ndi tsala. Tangotsitsani mawu, ine ndiyang'ana kumbali."

"Bambo, gwirani ntchito yanu," anatero Anasibeko, n'kuyamba ndime yachiwiri.

Abiti Twaibu ataona kuti mnzawo akukwezedwa pa kaliyala, anapukuta manja, anatenga mkeka wawo wopempherera n'kuuyala poyera, kutsogolo kwa benchi. "Musawatenge okha," anatero. "Amenewa akakhala okha amadwala mutu." Mlangizi anachita kubwereka njinga yachiwiri.

Ku yunivesite nkhani inafika msanga. Wapampando wa komiti ija anakumana ndi Enelesi pamasitepe n'kumugwira chanza ndi manja awiri. "Zayamba kuoneka, a Dokotala! Kafukufuku wanu wafika kumsika. Tamva kuti wakhudza ngakhale a kubanja kwanu. Pitirizani choncho."

Enelesi anathamangira ku polisi. Anapeza mayi ake ndi Abiti Twaibu atakhala pansi m'chitokosi, akugawana chigumu. Wapolisi wa pakauntala, pofuna kuonetsa kuti nayenso ndi munthu, anamukokera pambali.

"A Dokotala, auzeni amayiwa apepese msanga. Akangoweruzidwa, ulendo wa ku ndende ya Khalapompo. Kumeneko n'koipa. Munthu akalowa kumeneko, ufulu wake wonse umatsala pachipata."

"Wonse?" anafunsa Enelesi.

"Wonse. Ngakhale kakang'ono bwanji."

Lamulo limenelo Enelesi ankalidziwa ngati dzina lake. Linali lakalekale, la nthawi ya Palibewina Woyamba, ndipo iye anali atalinyoza m'misonkhano yonse ya m'mahotela monga manyazi aakulu a ufumu wa Tavomera. Anaima duu, akuyang'ana khoma. Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kuvula magalasi. Wapolisi anapukusa mutu, n'kunong'oneza mnzake kuti kuwerenga kwambiri si kwabwino.

Tsiku la mlandu, msika wonse wa Nong'ona unatsekedwa chifukwa ogulitsa ndi ogula omwe anali ku bwalo la milandu. Woweruza anali Jaji Ndamvakale, munthu wosunga nthawi, amene ankafika ku khoti chigamulo chili kale m'thumba. Tsikulo anali atatsinidwa khutu kuchokera ku nyumba yachifumu kuti kumanga mayi wa mwini lamulo kungachititse manyazi.

"Amayi awiriwa," anatero Jaji asanakhale n'komwe pansi bwinobwino, "ndi okalamba, ndipo sanamvetse kukoma kwa ufulu. Bwalo lino liwachitira chifundo. Abwerere kwawo. Alangizi aziwalondera pakhomo usana ndi usiku, kuti pakamwa pawo pasatuluke pemphero kapena nyimbo, mpaka adyerere tsala lawo mokwanira. Yunifolomu ndi mkeka zitsale kuno."

Nkhope ya Anasibeko inagwa. Anagwira duku lawo ndi manja onse awiri.

"Ndikutsutsa, wolemekezeka!"

Anthu onse anatembenuka. Anali Enelesi, ataima mu mkanjo wake wakuda wa kuyunivesite.

"Mukutsutsa chiyani, a Dokotala? Ndawamasula mayi anu."

"N'chimene ndikutsutsacho. Lamuloli lili ndi dzina langa, ndipo sindilola kuti lisekedwe. Amayi awa sanalakwitse mwangozi. Anachenjezedwa, iwo n'kuyamba ndime yachiwiri. Ndimawadziwa ine, ndi ouma mutu kuyambira kale. Mukawamasula lero, mawa aimbanso. Anzawowa ndiye anachita kuyala mkeka pamaso pa boma. Anthu otere sayenera chifundo. Ndikupempha bwalo lino liwapeze olakwa, liwatumize ku Khalapompo moyo wawo wonse."

Kunamveka phokoso ngati njuchi. "Mayo ine!" anakuwa mayi wa masamba uja. "Sukulu yamudya mutu mwanayu!" A Bizaliyele analavula pansi.

"Enelesi," anatero Anasibeko motsitsa, "iwe amene ndinakuyamwitsa?"

Enelesi sanawayang'ane, poopa kuti akawayang'ana alira. Jaji Ndamvakale anali atasokonezeka, pakuti chigamulo cha m'thumba chija sichinkagwiranso ntchito. Koma kukana pempho la mwini lamulo, pamaso pa anthu, pa nkhani yoteteza ufulu wa mfumu, kunali kuika khosi pa mpeni. Choncho anagamula: olakwa, Khalapompo, moyo wonse.

"Zikomo, wolemekezeka," anatero Enelesi. "Tsono kuti olakwawa amve bwino kuwawa kwa chilango chawo, ndikupempha bwalo linene momveka. Kodi alandidwa ufulu uti?"

"Wonse, monga mwa lamulo la makolo athu."

"Ngakhale ufulu wosintha chipembedzo, umene mfumu yatipatsa mwa chifundo chake?"

"Ndati wonse! Umenewo ndiye woyambirira kulandidwa."

"Ndiye kuti kundendeko sadzaloledwa kulowa nawo kasinthasintha? Adzakakamizidwa kukhala m'chipembedzo chomwecho chimene anamangidwa nacho?"

"Mpaka kufa!" anatero Jaji, amene tsopano anayamba kumva kukoma kwa ukali wake.

"Nanga tsala, wolemekezeka? Sangapumeko pang'ono?"

"Tsala ndi la mfulu! Mkaidi alibe tchuthi. Azipemphera, afune asafune!"

"Komaliza, wolemekezeka. Wina akamwalira konko?"

"Adzaikidwa ndi akaidi anzake, mwa mwambo wa chipembedzo chake chakalecho, ndi nyimbo zake zomwezo, kuti ena atengerepo phunziro!" Ndipo anamenya tebulo.

Woyamba kuzindikira anali Abiti Twaibu. Anatsina Anasibeko pantchafu. Anasibeko anatembenuka kuti akalipe, anaona maso a mnzawoyo akuphethira, ndipo nkhaniyo inawalowa pang'onopang'ono ngati madzi pa dothi louma. Anayang'ana mwana wawo. Kenako anaponya manja kumutu.

"Mayo ine, chilango chowawa!" analira Anasibeko, misozi palibe. "Jaji wankhanza! Mpaka kufa ndithu? Ndi nyimbo zomwe?"

"Tatha ife!" anathandizira Abiti Twaibu, atabisa pakamwa ndi mpango. "Bwezani mkeka wangawo ndikavutike nawo!"

Anthu a ku Nong'ona si ophunzira kwambiri, koma pa zinthu zotere sachedwa. Pofika mawa lake, mlangizi wa manyowa uja anapeza mzere pakhomo pake. Amayi a Lachinayi anabwera onse mu yunifolomu, atanyamula mabulangete ndi mapoto, n'kuyamba kuimba pabwalo pake mpaka iye anawapempha kuti amangidwe mosinthana chifukwa njinga inali imodzi. Lachisanu kunabwera a ku mzikiti, shehe wawo ali patsogolo. A Loweruka anadikira kuti Sabata lithe, n'kubwera kudzadziulula okha. A kukachisi anatuluka m'mphepete muja anawaikamo. A Bizaliyele anaimba nyimbo ya Lamlungu pakhomo penipeni pa polisi, n'kupempha kuti nkhumba zawo zimangidwe nawo limodzi monga mboni. Mbiri itafika kumpoto, kum'mawa ndi kumadzulo, matayala a njinga za alangizi anatha ngati sopo.

Ndende ya Khalapompo inachepa. Akaidi anaumba okha njerwa n'kuikulitsa, mzikiti uku, matchalitchi uko, mitengo ya nsembe chakumtsinje. Posakhalitsa msika nawo unasamukira momwemo, pakuti ogula anali m'kati. Jaji Ndamvakale anasiya kulowa m'khoti, ankangoimirira pakhonde n'kugamula gulu lonse ndi dzanja limodzi. Pa Nong'ona panatsala agalu ndi a Jolofani, amene analandiradi njinga ija.

Musaganize kuti kunyumba yachifumu kunali nkhawa. A Chimphonda anakanena ku bwalo la nduna kuti zokolola za chaka chimenecho zinali zosaneneka, nkhokwe ya Khalapompo yadzaza mpaka pakamwa. Mfumu inalankhula pa wailesi kuti palibe dziko lina pansi pano limene lamanga anthu ochuluka chotere pofuna kuteteza ufulu, ndipo mafumu ena akagwere uko ndi nsanje.

Ndiye inakumbukira mayi wamagalasi uja. Munthu wopereka mayi ake omubereka chifukwa cha lamulo la mfumu! Komiti yokweza anthu inakumana mwadzidzidzi, ndipo inapeza kuti kafukufuku wa Dokotala Kamtedza wakhudza munthu wamba kuposa kafukufuku wina aliyense chiyambire yunivesite. Anamuveka chipewa chofewa chija mfumu ikuonerera, ili maso ndithu tsiku limenelo.

"Pulofesa," inatero mfumu, "chipewa chokha n'chochepa. Ndikulamula lero kuti inu ufulu wanu sudzalandidwa mpaka kalekale. Palibe mlangizi, wapolisi kapena jaji amene adzakumangeni, mulakwe musalakwe. Ndipo phazi lanu lisadzaponde m'ndende, ngakhale kukaona munthu, kuopa kuti chitseko chingadzatsekeke mwangozi inu muli m'kati."

Nduna zinawomba m'manja. Pulofesa Kamtedza anatsegula pakamwa, koma anali ataphunzira kuti pamaso pa mfumu iyi mawu ake amabala zoopsa. Anangopinda bondo.

Anayesa ndithu, tisamunamizire. Anamanga duku lakale la mayi ake n'kukaimba pakati pa msika wa Nong'ona, mokweza, mosasamala. Mlangizi anaima n'kuvula chipewa mpaka nyimbo inatha, kenako anamuyamikira mawu. Anakaimba pakhomo pa polisi, apolisi anamutulutsira mpando. M'ufumu wonse wa Tavomera, kunja kwa waya wa ndende, iye yekha ndi amene akanatha kupemphera mmene akufunira. Lamlungu lina anapita ku tchalitchi chimene anakuliramo. Anapeza mileme ndi fumbi. Anaima kutsogolo n'kuyambitsa nyimbo, koma nyimbo za kumeneko zimafuna wina atsogole, ena alandire. Anatsogola, n'kudikira. Anatseka chitseko bwinobwino n'kubwerera.

Lachinayi lotsatira anakwera minibasi ya ku Khalapompo. Anazungulira mpanda mpaka kuseri, kumene waya amayang'anana ndi bwalo la amayi. Anasibeko anabwera akukokera mapazi, yunifolomu ili mbee, masaya atadzaza. Patali pang'ono Abiti Twaibu ankawaonera zigumu.

"Ndiye chipewa chake n'chimenechi?" anatero Anasibeko akusuzumira pa waya. "Chikukukhala. Koma wawonda, Enelesi. Ukudya?"

"Ndikudya, amayi. Mtima uli bwanji?"

"Ukukankhabe. Koma ndikugona tulo tsopano. Sukulu yako ija yagwira ntchito, mwana wanga. Ndinkakunyoza, ndalapa." Anaseka, kenako anamuyang'anitsitsa. "Nanga iwe ulowa liti? Malo ndakusungira, pafupi ndi zenera."

"Sandilola, amayi. Ngakhale kudzakuonani. Ngakhale tsiku lija munkanena lija."

Anasibeko analowetsa zala ziwiri pa bowo la waya, ndipo Enelesi anazigwira.

"Ndinamva," anatero Anasibeko. "N'chifukwa chake ndawauza kale anzanga. Tsiku langa likadzafika, asadzandiimbire kutsogolo kuja ayi. Adzabwere nane chakuno kumpanda, ndipo adzakweze mawu, chifukwa kunjaku kudzakhala kutaima mwana wanga. Pepa, Enelesi. Wina amayenera kutsala mfulu."

Belu la mapemphero linalira. Anasibeko anasolola zala zawo, anakonza duku, n'kunyamuka mofulumira monga munthu amene safuna kupeza nyimbo yoyamba itayambika. Posakhalitsa amayi anayamba, wina akutsogola, gulu lonse likulandira.

Pulofesa Kamtedza anatsala chiimire, chipewa chofewa chili m'manja, milomo ikutsatira nyimbo. Msilikali wa ndende anabwera, anamuchitira sawatcha, n'kumupempha mwaulemu kuti asayandikire kwambiri waya.